Nkhanga Akana Laputopu ya Fisi

Khalani chete ana inu, muzingoti tili tonse.

Kalekale, nyama zikadayankhula, Fisi adatsegula sitolo ya malaputopu pamsika. Tsiku lina kudabwera Nkhanga, mayi wolima mawere. Ana ake adali kutali kutauni, ndipo iye ankafuna chida chowalembera uthenga.

"Ndipatseni yotchipayo," adatero Nkhanga.

Fisi adanyambita milomo. "Ayi mayi, tengani yodulayi. Imathamanga ngati mphezi. Mungondipatsa munda wanu basi."

"Ndikuthamangira kuti ine? Uthenga wanga ndi umodzi pa sabata."

"Imasunga zithunzi zochuluka ngati mchenga!"

"Ana anga alipo anayi, bambo. Mchengawo ndiutani?"

Fisi adatuzula maso. "Njiri wapereka munda wake. Nyani wapereka wake. Inu nokha mudzasanduka choseketsa mudzi wonse."

"Aseke mpaka nthiti ziwawe. Munda wanga simuuona!"

Nkhanga adapereka dengu la mawere, nasenza yotchipayo.

Adamusekadi. Kuchitsime adamuseka. Kuchigayo adamuseka. Kumsika Fisi adakwera pachulu nafuula, "Onani mayi wa chiphakasa uja!"

Apo Nkhanga adatula katundu wake pansi, nthenga zili nyankhalala.

"A Njiri, bwerani ndi yanu yodulayo. Tonse tilembere mwana wanga Nangondo, tione uthenga wofika msanga ndi wa yani."

Nyama zidaunjikana. Njiri adalemba kuti, "Moni." Nkhanga adalemba kuti, "Moni." Adatumiza limodzi. Posakhalitsa Nangondo adayankha, "Amayi, bwanji inu ndi a Njiri mwandipatsa moni nthawi imodzi? Kwagwanji kumudziko?"



"A Njiri," adafunsa Nkhanga, "kupatula moni, mumachita nayo chiyani?"

Njiri adakanda pansi. "Ndimaonera mpira."

"Yanganso imaonetsa," adatero Nkhanga. "Kangaude, amene amajambula maluwa a nsalu tsiku lonse, yodulayo ndi yomuyenera, imamugwirira ntchito. Koma inu, chaka chino mudya mpirawo?"

Njiri adatembenukira kwa Fisi, mano ali panja. Nyani adatola mwala. "Minda yathu! Tenga zako, bweza minda yathu!"

Fisi adalumpha pachulu, nagwa chagada, nathyoka msana. Adabweza minda yonse, ndipo mpaka lero amayenda chokhwekhwereza matako.

Nthano yanga yathera pomwepa, kaphuleni mbatata zingapserere. Chida umagula poona ntchito yako, osati poopa pakamwa pa anthu.