Mlamba wa Mumtsuko ndi Mlamba wa M'dambo

Kalekale ndithu, mijigo isanabwere, ana a mudzi wina ankakodza magazi. Likodzolo linkachokera ku nkhono za m'dambo momwe anthu ankatunga madzi, kutchera matemba ndi kulima madimba. Abale atatu a bere limodzi, Lufeyo, Esinati ndi Zakeyu, anati sangangokhala manja lende.

Lufeyo, woyamba kubadwa, anakagwira mlamba kumtsinje wakutali, nauika mumtsuko wa madzi pamodzi ndi nkhono zodzaza dzanja. Posakhalitsa munatsala zigoba zokhazokha. Nanga mlambawo ukanadya chiyani, poti mumtsukomo munalibe china? Koma Lufeyo anazungulira mudzi wonse akulengeza kuti mankhwala apezeka.

Esinati sanakhutire ndi za mumtsuko. Anakumba kadziwe kuseri kwa nyumba yake, nathiramo nkhono, milamba ndi matemba. Nkhono zinachepadi. Matemba nawo anachepa, koma iye anaganiza kuti akudyedwa ndi akakowa amene ankatera pamenepo, choncho sanauze munthu. Anangoti, "Achimwene ananena zoona."

Zakeyu, chitsirizira, anali wa mtima wapachala. "Ana akudwala, inu mukuseweretsa madzi?" Anatuta milamba yambirimbiri m'ndowa nakaikhuthulira m'dambo.

Koma dambo ndi lalikulu. Nkhono zinabisala m'mabango ndi m'matope. Milamba inaona kuti kuswa chigoba ndi chintchito pamene tiana ta matemba tili mbwee, ndiye inatembenukira komweko. Chaka chisanathe, miono inkangotulutsa milamba, nsomba imene pamudzipo sankadya poti ankati imayambitsa zidzolo. Ndiwo zinasowa, ndipo ana anapitirizabe kukodza magazi.

Anthu anakwiya kwambiri. Anagwirizana kuti dimba la mmodzi mwa atatuwo likumbidwe, likhale dziwe loswetsera matemba, ngakhale ankadziwa kuti wolandidwayo agona ndi njala.

"Ine ndinanena zimene maso anga anaona," anatero Lufeyo.

"Ine m'dambo sindinaponyemo ngakhale mlamba umodzi," anatero Esinati.

Zakeyu anagwetsa misozi. "Achimwene, alongo, si inu munanditsimikizira? Ndikanadikira mpaka ana athe?"

Makasu ndi awo ali pamapewa, anthu akudikira mawu anu. Tsono inu mukuti akumbe dimba la yani: la amene anayesa mtsuko ngati dambo, la amene anaona matemba akuchepa nakhala chete, kapena la amene anakhuthula ndowa?