Ndevu za M'dziwe la Kalipentala

Kuseri kwa nyumba ya kalipentala wina kunali dimba la akazi awo, lonyowa chaka chonse chifukwa cha kasupe wotuluka pansi pa mwala. Mayiwo analilima zaka makumi awiri, ndipo masamba, tomato ndi anyezi sizinkasowa pakhomopo. Bambowo anthu ankawatchula kuti a Ndikudziwa, poti munthu asanamalize kuwauza kanthu iwo amakhala atayankha kale mawu amenewo. Msana utawaletsa ntchito ya matabwa, anayamba kumaima m'mbali mwa dimbalo, manja kumbuyo, akuliyeza ndi maso.

"Amayi, pano pakufunika dziwe la nsomba," anatero tsiku lina. "Adzukulu akamabwera kuchokera m'tauni azidzawedza pakhomo pa agogo awo, osati kumangodinadina foni."

Mayiwo sanali munthu wa mawu ambiri. Anayang'ana mizere ya anyezi nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndikubwerekani mvula ziwiri. Ikatha yachiwiri, ana n'kubwera osakola kanthu, dziwelo tikwirira ndipo dimba langa libwerera."

"Ndikudziwa," anatero bambowo.

Anakumba mwezi wathunthu ndi akamwini awo awiri. Madzi atadzaza, panabwera mlangizi wa nsomba, mayi wa njinga yamoto, atanyamula tiana ta makumba mazana asanu ndi limodzi m'matumba a madzi, tonse tating'ono ngati chala. Anawaphunzitsa kumanga sefa pakamwa pa paipi yolowetsa madzi, kuwaza gaga m'mawa ndi madzulo, ndi kuthira zitosi za nkhuku mpaka madzi abiriwire. Akukwera njinga anatembenuka.

"Bambo, chinanso. Musaikemo nsomba ya mtundu wina, makamaka mlamba. Ameneyo sasankha chakudya."

Yankho lake mukulidziwa kale.

Miyezi yoyamba dziwe linawasangalatsa kwabasi. Bambowo akangogogoda ndowa ya gaga, madzi ankawira ngati pali moto pansi, timilomo mazanamazana tili laku laku pamwamba. Mayi omwe, amene ankati za nsombazo alibe nazo ntchito, ankabwera ndi lichero lawo kudzapetera pomwepo, maso ali pamadzi. Anansi ankasuzumira pampanda kudabwa kuti pomwe pankamera anyezi pakuyenda zamoyo zochuluka chotere.

Tsoka linayambira kumsika. Munthu wina ankagulitsa milamba yamoyo m'beseni, isanu, iliyonse kutalika ngati chikhatho. A Ndikudziwa anaima, mtima n'kubwerera ku ubwana wawo, pamene mlamba unkakoka chingwe mpaka kucheka chala. Makumba ndi okoma, anaganiza motero, koma sakoka. Mwana akole makumba, akolenso mlamba, ndiye adziwe kuti wawedza. Ndipo tizinthu tisanu tokha tingalakwe chiyani pakati pa mazana asanu ndi limodzi? Anagula yonse, nakaitsanulira m'dziwe masana, mayi atapita kuchigayo.

Mvula yoyamba inatha bwinobwino. Yachiwiri ikuyandikira, kuwira kuja kunayamba kuchepa. Gaga ankayandama mpaka kumira yekha. Achule, omwe kale ankasokosa mpaka kugonthetsa m'khutu, anangoti zii. Bambowo anati ndi mbalame, nakoka zingwe pamwamba pa dziwe. Kenaka anati ndi akuba, nakhoma mpanda wa matabwa, wosalala bwino poti ukalipentala sunawachoke m'manja.

"Bambo, tiana ta bakha wanga tinali tisanu ndi titatu," anatero mayi tsiku lina. "Lero ndikuona titatu. Mbala yanuyo imabanso abakha ali pamadzi?"

Bambowo anangokanda m'mutu. Aka kanali koyamba kuti asanene kuti akudziwa, chonsecho ndi tsiku lomwe ankadziwadi. Mantha anawagwira, koma manyazi anawatseka pakamwa, ndipo anapitiriza kuwaza gaga m'madzi opanda phokoso.

Mvula yachiwiri itatha, ana anabwera ndi mabanja awo. Bambowo anali atasemera mdzukulu aliyense ndodo yowedzera yolingana ndi msinkhu wake. Adzukulu asanu ndi awiri anandanda m'mbali mwa dziwe, nyongolotsi zili kumbedza, mayi atakhala pampando pansi pa mtengo wa mapeyala. Dzuwa linakwera mpaka paliwombo. Panalibe ngakhale kansomba kolawa nyambo.

"Agogo, kapena nsomba zanu zapita kutchalitchi?" anafunsa mdzukulu wamkulu, ndipo akamwini anabisa kuseka m'manja.

Nthawi yomweyo kachitsekerero koyandama pa chingwe cha mdzukulu wamng'ono, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, kanangoti mbwi. Ndodo inapindika mpaka nsonga kukhudza madzi. Mwanayo anakhuluzika, mayi ake n'kumugwira diresi, ndodo n'kuti thyo. Pakati pa dziwe panatumphuka msana wakuda, wautali, wonyezimira. Unatembenuka pang'onopang'ono osafulumira konse, ndipo mafunde ake anadzamenya m'mapazi mwa anthu.

"Tsegulani paipi yotulutsira madzi," anatero agogo aakazi motsitsa mawu. "Tione chomwe takhala tikudyetsa."

Anaimbira foni mlangizi uja, ndipo anafika madzi atatsala a m'mawondo. Atatheratu, chinthucho chinaonekera chonse m'matope. Unali mlamba umodzi, wautali ngati mwendo wa munthu wamkulu, mutu wake wophwatalala ngati khasu, ndevu zikuyendayenda zokha pamatope. Unkapuma mpweya ngati nyama ya kumtunda, kukamwa kukutseguka ndi kutsekeka, timaso tating'ono tikuyang'ana anthu mopanda mantha. Adzukulu anagwirana manja. Mkamwini wina anavula chipewa osadziwa kuti wavula. Pakona, m'kachithaphwi kotsala, munaunjikana makumba khumi ndi limodzi okha, onjenjemera.

Mlangizi anagwada m'matope, nsapato ndi zonse. "Zaka zonse ndagwira ntchitoyi sindinaone wa m'dziwe wotere," anatero. "Bambo, munaika ingati?"

"Isanu," anayankha a Ndikudziwa, maso ali pansi.

"Ndiye makumba anu ali m'mimbamu, abakha ali momwemu, ndi abale ake anayi omwe."

Bambowo anatsetserekera m'matope, nakhudza msana wozizirawo ndi dzanja lomwe linazolowera kusisita matabwa. Zaka ziwiri za gaga, za zitosi, za kudzuka m'mamawa, zonse zinali zitasanduka nyama imodzi. Anaugomera mlambawo, ndipo misozi inalengeza m'maso mwawo.

Kamtsikana kaja kanakoka chitenje cha agogo ake aakazi. "Agogo, ndakola ndine, eti?"

"Wakola ndiwe, mwanawe, koma sunavuule," anatero mayiwo, akukasisita kumutu. Kenaka anayang'ana pansi pa dziwe, pomwe panali dothi lakuda bii, lonona ndi manyowa a zaka ziwiri. Anatapa pang'ono, nalifikisa pakati pa zala. "Bambo, madzi mwachotsa kale, mwandipeputsira ntchito. Anyezi wa chaka chino adzakhala ngati zibakera."

Bambowo anatsegula pakamwa, koma mawu awo aja sanatuluke. M'mawa mwake anatenga okha fosholo, nayamba kugumula khoma la dziwe. Ndodo zija anazizika m'mizere kuti zigwire tomato, ndipo yothyokayo anaipachika m'shedi pamwamba pa macheka awo. Makumba anali nawo m'manja, koma mtima unafunanso mlamba. Paja akuluakulu anati, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.