Timiyala ta m'mnofu wa mbewa

Padangotero, chaka china lupsa litanyambita tchire lonse, Vumbwe adasowa chakudya mpaka nthiti kuwerengeka. M'chulu cha pafupi ndi dambo munkakhala Kapuku, kambewa kochenjera pakamwa, ndi ana ake.

M'mawa wina Kapuku akutola njere, adangomva phazi lolemera pamsana, khu!

"Lero ndalawa," adatero Vumbwe.

"Idyani, amalume," adayankha Kapuku. "Mwinanso mundipumuza. Ndili ndi nthenda ya timiyala m'mnofu. Wodya ine timamumera m'matumbo. Tagwirani ntchafuyi."

Vumbwe adakhudza, namva tinthu tokhakhala. Chidali chisoso chomata paubweya, koma iye adachotsa phazi msangamsanga, nalipukuta paphulusa.

Dzuwa lina adagwira mwana wa Kapuku. Mayiyo adatuluka akulira mokweza.

"Kalanga ine! Amalume, mwasankha wodwalitsitsa! Adayamwira nthendayi kubere langa."

Vumbwe adalavula kamwanako, nachoka akung'ung'udza. Kapuku adayamba kuyenda modzitama, kumadyera pamtetete, mpaka kumulonjera Vumbwe akamadutsa.

Koma njala simva nthabwala. Masana ena Vumbwe adamudikirira pakhomo pa una, namuponda mchira.

"Iwe, wodwala uti amanenepa chonchi? Ndionetse timiyalato ndi maso. Apo ayi, ndikung'amba ndione ndekha."

Kapuku adakumbukira kuti nkhalamba Chitute, mbewa ya pachulu china, idafa m'mawa womwewo.

"Tiyeni kwa malemu Chitute, mukaone."

Adangonena pofuna kutalikitsa moyo. Njira yonse Vumbwe adamuluma mchira osataya, ndipo panalibe dzenje ngakhale limodzi loti n'kulowamo. Atafika, Vumbwe adamupondanso, nang'amba ntchafu ya malemuyo ndi chikhadabo.

Kapuku adasuzumira. M'mnofumo mudali timizere toyera, tambirimbiri, ngati misere ya mpunga. Nthenda imene iye ankayesa kuti wangopeka idalipodi.

Vumbwe adanunkhiza, kenaka adaseka.

"Timeneti? Ndakhala ndikudya timeneti chibadwire changa, ngakhale mutu sudandiwawepo. Ndiye wandigoneka ndi njala chifukwa cha iti?"

Mano adayandikira. Kapuku adamva mpweya wotentha pakhosi.

"Mwandigwira, amalume, sindikana. Koma ine muli nane kale kuphazi. Taonani kumwambako, Kabawi wazungulira kawiri. Akutengerani Chitute, wonona kuposa ine."

Vumbwe adakweza mutu. Kumwamba kudali mbee, kopanda ngakhale gulugufe. Kapuku adadzikoka ndi mphamvu zonse, khungu la mchira n'kusendeka, thupi n'kupulumuka. Adathamanga, zikhadabo zikupalasa fumbi kumbuyo kwake, nagwera muuna chamutu.

M'katimo adaseka mpaka misozi, akunyambita mchira wake wofiira.

"Ana inu, mukadamuona mmene adayang'anira kumwamba!"

Ana onse adaseka, kupatula wamng'ono, amene adabwera akukwawa, akukoka mwendo.

"Amayi," adatero, "miyendo yanga yalemera. Ikundiwawa m'kati."

Kuseka kwa Kapuku kudaduka. Adamukumbatira mwanayo. Vumbwe adali ndi makutu omvera bodza. Koma nthendayi idalibe makutu.

Yanga nthano yaphera pamenepo.