Mayi Amene Anachitira Nsanje Chisakasa

M'mudzi wina kufupi ndi phiri la Dedza munali mayi wina amene ankakhala moyandikana ndi mng'ono wake, Nangondo. Onse awiri anali ndi makanda.

Nyengo yozizira itafika, khanda la Nangondo linadwala chifuwa chobanika, mpaka linagonekedwa m'chipatala, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno. Potuluka, anamwino anati: "Mapapo a mwanayu ndi anthete. Utsi asauyandikire, angadzadwale mphumu akamakula."

Ndiye mwamuna wa Nangondo anamanga chisakasa choti mkazi wake aziphikira panja, popita mphepo. Anthu akumpingo ankabwera kudzazonda, wina ndi bulangete, wina ndi mazira.

Abale anga, chisakasa! Mitengo inayi ndi udzu basi! Koma mtima wa mayi uja unawawa zedi. Ankasuzumira pazenera la khitchini yake yodzaza utsi, mwana ali kumbuyo, n'kumang'ung'udza: "Ine ndinabereka mwala kodi? Wondizonda ndani?"

Tsiku lina Nangondo anabwera kudzapala moto, ndipo anaima chilili. "Achemwali, tamverani mwanayo. Akupuma ngati wanga uja, nthiti zikuchita kulowa mkati. Tiyeni kuchipatala lero lomwe. Mukabwerako muziphikira kwathu kuja."

Mayi uja anamva ndithu kuti chifuwa cha mwana chikulira ngati kamphaka. Koma apite akaphikire pa chisakasa chomwe chinkamudya mtima? Iyayi! Anayankha kuti, "Wangayu si wosasatitsidwa ngati wako." Anakhalabe mu utsimo masiku ena atatu, kufikira mwana anasiya kuyamwa, milomo itasintha mtundu. Apa m'pamene anathamangira kuchipatala akulira.

Mulungu ngwachifundo, mwanayo anapulumuka. Koma lero ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kukazizira amabanika. Anzake akamathamangira mpira, iye amakhala pachulu atagwira pamtima. Kaya mphumuyo ikanabwerabe, adziwa ndi Mwini moyo. Koma masiku atatu aja mayiyo sawaiwala.

Okondedwa, nsanje imatero. Imakutsekulani maso pa za mnzanu, n'kukutsekani makutu pa zanu. Mayi uja ankasirira madalitso a mng'ono wake, osadziwa kuti akusirira misozi. Ndipo Mulungu atamutumizira thandizo, analikana chifukwa linadzera mwa munthu amene ankamuchitira kaduka. Kunoko alipo wina amene simumupatsa moni. Mwina ndi iyeyo amene watumidwa kwa inu, ndipo amene adzalipire kukana kwanuko ndi mwana wanu.