Madeya a Kapitao ndi Tulo ta Kavalo

Chaka chimene kavalo woyamba adafika m'mapiri a kwathu kuno, chaka cha mvula yambiri, ndi chomwenso kavalo adalekera kugona pansi. Kale, ananu, ankagona cham'mbali, miyendo atatambasula, mpaka kuliza mkonono.

Mwini munda wa khofi adasiya kavaloyo m'manja mwa kapitao wake, a Chimtengo. "Ndikabwera pakutha pa sabata," adatero, "ndidzampeze wamphamvu ndi wopuma bwino. Apo ayi, ukapitao ndidzapatsa wina." A Chimtengo anali asanawetepo ngakhale nkhuku, koma ukapitao ankaukonda kuposa akazi awo.

Nasoko, mayi womweta udzu pamundapo, adatula mitolo itatu pakhomo la khola.

"Chimenechi n'chiyani?" adafunsa a Chimtengo, akukankha mtolo ndi nsapato.

"Choyala, a Kapitao. Udzu wouma umamwa mkodzo. M'mawa muchotsa wonyowa, n'kuyala wina."

"Mukuyesa ndi mbuzi yanu ya mphere ija? Nyama yowoloka nyanja igone pa udzu ngati mlendo wa pamaliro?"

Adalamula kuti abwere madeya, matumba khumi, ofewa ngati ufa, otoleredwa m'mitondo ya mudzi wonse.

"Madeya n'chakudyatu, a Kapitao," adatero Nasoko. "Woyala chakudya pansi waitana alendo."

"Mwayamba liti kuombeza, mayi? Bwererani ku chikwakwa chanu."

Tsiku loyamba kavalo adagubuduka m'madeyamo, nagona tulo tofa nato. A Chimtengo adaitana antchito onse kuti adzaone nzeru za munthu woyenda. Koma kavalo sakodza pang'ono. Madeya adanyowa, ndipo a Kapitao, pochita manyazi kuwataya Nasoko akuona, ankangowaza ena pamwamba. Pofika tsiku lachinayi khola linkanunkha ngati mbiya ya masese. Mudadzaza mphutsi ndi mphemvu, ndipo kumene kuli zimenezo linthumbu sachedwa.

Adafika masana, mvula itangokata, kavalo ali m'tulo. Linthumbu saluma pofikira. Amayamba wakwera thupi lonse. Adalowa m'makutu, m'mphuno, kunsi kwa mchira, kenaka n'kuluma onse pamodzi.

Ena amati kavalo adalumpha denga. Limenelo ndi bodza. Adangoswa chitseko basi.

A Chimtengo adathamangira m'kholamo kukakwirira umboni ndi madeya atsopano. Sadathe ngakhale thumba limodzi. Adatuluka akuvina gule wopanda ng'oma, navula buluku pakati pa bwalo, antchito onse ali pomwepo.

"Alendo anu aja, a Kapitao!" adakuwa Nasoko, atatembenukira kumbali. "Bwanji osawapatsa mpando?"

Mwini munda adapeza kavalo wotupa zikope, wofiira maso, wokana kupinda bondo. Sadafunse zambiri. Mawa lake a Chimtengo adapatsidwa khasu, nakalowa mumzere wa anthu omwe ankawatukwana dzana.

Khola adalisesa, adaliwotcha pansi, nayala udzu wouma. Kavalo adaununkhiza, adauponda, koma sadagone. "Pansi pamene pamayala munthu," kavaloyo adauza ana ake pambuyo pake, "musamapakhulupirire msanga."

Ndi chifukwa chake lero kavalo amawodzera choimirira, ndipo akagona pansi ndi kanthawi kochepa, khutu lili tcheru. Oweta amamuyalira udzu wouma kapena utuchi, n'kumachotsa wonyowa m'mawa uliwonse.