Mota Yolemera ya a Sakala

A Wilbroad Sakala a ku Madzimoyo ankagula chinthu ndi dzanja, osati ndi khutu. Kaya ndi vwende, khasu kapena nkhuku, iwo ankayamba anyamula kuti amve kulemera kwake. Chopepuka, kwa iwo, chinali chofumbwa. Pa za kumunda lamuloli silinawanamizepo: kabichi wolemera ndiye wokhwima, mtedza wopepuka ndi mphwephwa. Choncho analikhulupirira kuposa mawu a munthu aliyense.

Nyumba ndi dimba lawo zinali tsidya la mtsinje. Mlatho panalibe, koma ulalo wa mitengo iwiri ya bulugama. Tsiku la msika ankayamba kuwolotsa madengu a matimati, n'kubwerera kukasenza njinga paphewa, kenako n'kumanga katundu kutsidya, ulendo wa ku Chipata. Anachita zimenezi kuyambira ali ndi tsitsi lakuda.

Koma mawondo sakhala achinyamata mpaka kale. Mkazi wawo atamwalira, mwana wawo Lenia, yemwe ankakhala ku Kapata m'tauni, anayamba kuwaumiriza.

"Atate, mawondo anuwo akulira ngati chitseko. Bwerani kwathu mudzapume. Dimba musiyire a Matiyasi, si mphwanu kodi?"

"Kupuma n'kumanda, mama. Matiyasi amathirira mbewu dzuwa lili paliwombo. Ndimupatse dimba langa?"

Anakangana mpaka anagwirizana chimodzi: malinga akufikitsa okha katundu wawo kumsika, dimba ndi lawo. Tsiku limene adzalephere, adzalongedza chikwama. N'chifukwa chake a Sakala ataona njinga zina zamagetsi zikukwera chitunda eni ake osatuluka thukuta, anati mankhwala a mawondo apezeka.

Anapita kusitolo ya a Haidar pafupi ndi mzikiti, kumene ankagula matayala ndi masipoko chiyambire. A Haidar anaika mota ziwiri patebulo, zonse zomangira pakati pa gudumu lakumbuyo. Ina inali yaing'ono ngati papaya losakhwima, ina yotakata ngati mbale yodyera banja lonse.

"Mdala, inu tengani kakang'onoka," anatero a Haidar. "Kali ndi magiya m'kati, pachitunda kamakankha bwino, ndipo batire ikatha mumapalasa osamva kuti kalipo. Yaikuluyi ndi ya anyamata othamanga pamsewu wa tala."

A Sakala ananyamula kamotako n'kukabweza msanga ngati katentha. Ananyamula yaikuluyo ndi manja awiri, nkhope yawo n'kuwala.

"Iyi ndiye mota. Kakang'onoko n'kachitini."

"Ndiuzeni kaye njira yanu. Palibe pamene mumanyamula njinga?"

"Njira yanga ndaiyenda iwe usanamere mano."

"Sindikukana. Koma paja munandiuza kuti kwanu mumawolokera paulalo. Yaikuluyi pamodzi ndi batire, ndi ngati mwamangirira mbuzi kugudumu."

"Mbuzi ndanyamula zingati ine? Amalonda ndimakudziwani. Ukufuna undigulitse mphepo, chitsulo chenicheni usungire anzako."

A Haidar anaseka, koma kusekako sikunafike m'maso. "Mdala, yaikuluyo ndiye yakhalitsa pashelefu. Ndikanakhala wakuba ndikanakuombererani m'manja. Bambo anga a Aliyu ndi amene anakugulitsani njinga imeneyi, sindingakuponyeni m'madzi."

"Manga yaikuluyo. Ukakana, sitolo si yako yokha m'Chipata muno."

Munthu akadza ndi maganizo ophikaphika, sumuthiranso mchere. A Haidar anauza makaniko wawo amange.

Kunena zoona, pobwerera kwawo njingayo inauluka. Opanda katundu, msewu wa Lusaka uli see, a Sakala anadutsa anyamata a kabaza ngati aima, chipewa atachiluma pakamwa kuopa mphepo. Atafika pamtsinje anapeza anthu ochokera kumaliro. Onse anaunjikana kuona chodabwitsacho, wina kugwira waya, wina kufunsa ngati imagwira shoko. Mwa chisangalalo, amuna atatu anainyamula n'kuiwolotsa, mwini wake akubwera pambuyo manja ali m'thumba, akufotokoza mmene anam'gonjetsera wamalonda. Motero tsiku limenelo phewa lawo silinamve kanthu.

Loweruka analawirira monga mwa masiku onse. Pamtsinje panalibe munthu, mame ali mbuu paulalo. Anawolotsa madengu bwinobwino, n'kubwerera. Analowetsa phewa panjinga, pamalo pomwe linkalowa nthawi zonse, pamene utoto unatha kale ndi thukuta lawo, n'kudzuka. Njinga inadzuka mutu wokha. Thako lake linakana, kulemera konse kuli kugudumu lakumbuyo.

Apa munthu wina akanaitsitsa n'kudikira odutsa. Koma kudikira kunali kuvomera kuti sangathe okha, ndipo nkhani ikanafika kwa Lenia dzuwa lisanatenthe. Anasuntha phewa, anakukuta mano, naponda paulalo.

Anafika pakati. Pamenepo gudumu lakutsogolo linapenya kumwamba, lakumbuyo linawakokera chagada, bondo lamanzere linapinda lokha. Anagwera pamiyala, njinga pamwamba pawo, mota ili m'madzi. Madengu a matimati anakhala kutsidya ali chete, osasowa ngakhale limodzi.

Amayi odzachapa ndi amene anawapeza. Anawatengera pangolo mpaka kumsewu, kenako pagalimoto mpaka kuchipatala. Fupa la m'chiuno linali litang'aluka. Lenia sanakalipe, sanakumbutse n'komwe za pangano lija. Anangopita kumudzi kukatenga chikwama, n'kusiya makiyi kwa Matiyasi.

Chilimwe chonse a Sakala anakhala pakhonde ku Kapata, ndodo ili pambali, akuyang'ana mpanda wa njerwa. Matiyasi ankabwera ndi matimati kudzawaonetsa. Iwo ankanyamula limodzi, kuliyeza m'dzanja, n'kulibweza. Anthu aja anawolotsa njinga mokondwera sanabwere. Ndani amakumbuka njinga ya eni?

Amene anabwera ndi a Haidar, Lachisanu lina atachoka kumapemphero, atanyamula nthochi ndi kathumba.

"Odi, mdala! Ndamva mwasamukira m'tauni. Mwatilemekeza."

"Wabwera kudzandiseka."

"Ndikanafuna kuseka ndikanasekera kusitolo, kuli mpando wabwino. Njinga yanu ili kwathu, a Lenia anaibweretsa. Tawongola chimene chinapindika. Yaikulu ija tachotsa, inamwa madzi." Anatulutsa kamota kaja m'kathumba n'kukaika pamiyendo pawo. "Aka sindinagulitse. Adokotala akadzakulolani, mudzandiuze."

Lenia, yemwe ankabwera ndi tiyi, anaima pakhomo. "A Haidar, musawapatse maganizo. Paulalo paja sadzapondaponso ndi njinga. Dimba lapita basi."

"Ndamva, mama. Koma kutchalitchi ndi kumsika kuno angamayende pansi mpaka liti?"

A Sakala ananyamula kamotako ndi dzanja limodzi, monga ankachitira ndi kabichi. Kanali kopepuka ngati tsiku loyamba lija. Anakakweza, anakatsitsa, kenako anakafungatira pamiyendo.

"Unandiuza, mwana wa Aliyu," anatero, maso ali kumpanda. "Ine ndinakutcha wakuba."

"Munanditcha wamalonda. Pamenepo simunaname. Imwani tiyi, akuzizira."

Dimba silinabwerere. Matiyasi akuthirirabe masana, ndipo matimati ake akugulidwa ndithu. A Sakala masiku ano amaoneka m'misewu ya ku Kapata pa njinga yawo yakale, kamota kakulira ngati udzudzu, keliyala ili yopanda dengu. Akafika pasitolo ya a Haidar amatsika, ngakhale alibe chogula.

Owaombera m'manja anawawolotsera njinga tsiku limodzi. Wowakaniza uja ndiye anawatsata mpaka pakhonde. Paja akuluakulu anati, wakutsina khutu ndi mnansi.