Mayi wa kaunjika amene anafuna kupikula katemera

Pa msika wina wa m'mbali mwa msewu panali mayi wogulitsa kaunjika. Dzina sinditchula, ndiye musayambe kuyang'anana. Anali mayi wochangamuka, woti akamasula belo anzake onse ankangogwira njakata.

Mayiyu anabereka mwana wamwamuna, wonenepa bwino, wa mphuno yosongoka. Ena ankati mphunoyo anaionapo pa bambo wina wa kabaza, koma tili m'nyumba ya Mulungu, tisalowe m'menemo.

Atangobadwa, mwana anabayidwa katemera pamkono, ndipo pamalopo panatsala kachipsera. Anamwino anati, "Mayi, apa tangoyamba. Pakatha mwezi ndi theka mubwere naye kusikelo. Katemera amayenda ndi msinkhu wa mwana. Ena ndi obwereza, ndipo wa chikuku ali kutsogolo."

Tsoka lake, sikelo inkachitika Lachitatu, ndipo Lachitatu lomwelo linali tsiku la msika. Mayi uja anayang'ana belo, anayang'ana mwana, anayang'ananso belo. Belo linapambana.

Anzake akamadutsa ndi ana kumbuyo ankamufunsa, "Asisi, kusikelo simupita?" Iye ankangopinda kamalaya ka mwana n'kuloza pamkono. "Chipsera ichi simukuchiona? Wanga anabayidwa kale. Mwana si thumba la chimanga loti azilisoka mwezi ndi mwezi."

Mwana anayamba kukhala, anakwawa, anayamba kuyenda dededede pakati pa milu ya zovala. Kusikelo osapondako.

Kenako chikuku chinalowa m'deralo. Mwana wa mayi wina wogulitsa tomato, amene ankakonda kusewera ndi mwana wa mayi wathu pansi pa benchi, anagonekedwa m'chipatala, maso psuu, thupi moto. Apo m'pamene mayi wathu anayang'ana chipsera chija n'kuona kuti n'chaching'ono bwanji.

Lachitatu linamupeza ali woyamba pa mzere wa sikelo, duku litapendekeka. Atafika kwa mlangizi wa zaumoyo anatsitsa mwana n'kunena, "Adokotala, ine ndine wa bizinesi, zogula chimodzichimodzi sindizidziwa. Tsitsani katemera yense amene anatsala mumubaye lero. Miyendo ali nayo iwiri, mikono iwiri, matako aliponso."

Azimayi anaseka mpaka ana anadzuka kumbuyo.

Mlangizi anati, "Mayi, kuno sitipikulitsa. Wa chikuku ndi ena oyenera lero timupatsa lero. Koma obwereza aja amafuna mpata kuti agwire ntchito m'thupi. Mubwerenso mwezi wamawa, Lachitatu."

"Lachitatu?" Mayi uja anatsitsa mawu. "Kodi jekete mumavala saizi yanji? Ndili nayo ina yachikopa."

"Lachitatu, mayi."

Mwezi unatha. Lachitatu lija linagwa pakutha pa mwezi, anthu atalandira, nyengo yozizira, ndipo pakhonde pake panali belo la majekete losamasula. Anzanga, mayesero amadziwa tsiku lobwera! Mayi uja analizungulira belo, analisisita, anafika pogwira mpeni woti adule zingwe. Mwana anamugwira chitenje kuti amunyamule. Anaika mpeni pansi, anabereka mwana, ulendo wa kusikelo.

Tsiku limenelo makasitomala ake onse anakagula kwa mdani wake, mayi wina amene sankalankhulana naye chifukwa cha nkhani ya mwamuna wa eni. Imeneyo ndidzakuuzani panja. Kusikelo mwana analira, mayi nayenso analira. Kaya ankalirira mwana kaya majekete, akudziwa ndi Mulungu. Koma anapitanso, anapitanso, mpaka katemera anakwana, ndipo mwa chisomo chikuku chinamudumpha mwanayo.

Tsono amayi anzanga, mwaseka, koma mayi ameneyu ndi ine ndi inu. Chipsera chathu ndi ubatizo. Akatifunsa kuti kutchalitchi simuonekako bwanji, timapinda malaya kuti, "Ine ndinabatizidwa kale." Ubatizo ndi katemera woyamba chabe. Mawu a Mulungu ndi obwereza, ndipo tsiku lake limakonda kugwa pa tsiku la msika. Matenda akagogoda pakhomo m'pamene timathamangira kwa abusa kuti atipikulitse mapemphero a zaka khumi tsiku limodzi, nkhuku ili m'khwapa.

Mulungu amamulandira wobwera mochedwa, inde, monga mlangizi anamulandirira mayi uja. Koma sapikulitsa. Amakupatsa za lero n'kukuuza kuti ubwerenso. Ana tipite nawo kusikelo pa tsiku lawo, mitima tibwere nayo kuno pa tsiku lake. Belo lidikire.